Pakhonde pa Azakhali: Ziphuphu Izi si za ku ACB

Okondedwa Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Nchalo ndipo ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chaka chatha kunkhongo kwanga, pamene tsitsi limathera, kunayamba kutuluka tiziphuphu tolimba. Timayabwa, ndipo ndikameta timatuluka magazi. Panopa tina tagwirana, tikuoneka ngati mtedza wobisika pansi pa khungu, ndipo pamenepo tsitsi lasiya kumera. Kuchibwano nakonso ndikameta ndevu kumatuluka tina, tina ta mafinya. Ndapaka mankhwala otsukira mano, ndapaka sipiliti, mnzanga wa pa siteji anandithira mafuta a mabuleki, ndagulanso kirimu wa m'kachubu pamsika amene anathandiza sabata ziwiri zokha. Agogo akuti wina anatola tsitsi langa kometa. Anzanga akunong'ona kuti ndi matenda aja. Tsopano mwana wa achemwali anga wa Sitandade 2, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, watuluka mabala m'mutu ndipo achemwali akuti ndamupatsira ndine. Mu Disembala ndikukaonekera kwa makolo a bwenzi langa kwa Tengani. Chipewa ndikumavala ndi m'tchalitchi momwe. Ndithandizeni.

Wachipewa, Nchalo.

Wachipewa, mwana wa achimwene anga,

Ndayamba ndamwa kaye madzi a mumtsuko, chifukwa kalata yakoyi yandiwotcha kuposa dzuwa la Okutobala pa Dyeratu. Mafuta a mabuleki! Kodi nkhongo yakoyo imatsetsereka pa Thabwa kuti mpaka uyimangire mabuleki? Nanga mankhwala otsukira manowo, unawerenga mano angati kunkhongoko? Mnzako wa pa sitejiyo umuuze kuti Azakhali akuti azingokonza njinga. Khungu la munthu lilibe sipeya, ngakhale ku Limbe.

Chimene chakusokoneza ndi ichi. Anthu anayi akutchulira matenda ako: agogo, anzako, achemwali ndi wogulitsa kirimu. Mwa onsewo palibe amene anakuvula chipewa n'kuyang'anitsitsa padzuwa. Iwe mwini wakenso sunaonepo, paja nkhongo ili kumene maso safika. Akulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, koma wachiwiriyo azikhala woti anaphunzira kuyang'ana. Pachichewa pathu chilichonse chotupa pakhungu timangoti chiphuphu, dzina lomwe lija timatchulira za mabwana a m'maofesi. Zakozi si za ku ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu lija, ndiponso si mtundu umodzi. Mmene ndawerengera ine, m'nyumba mwanumo muli matenda atatu: awiri pa iwe, amodzi pa mwanayo.

Tiyambire kumunda, poti n'kumene mumamva msanga. Tsitsi lililonse pathupi lili ndi phando lake, kadzenje kolowa m'khungu, ndipo pambali pa kadzenjeko pali kathumba kotulutsa mafuta. M'mutu mokha mapandowa alipo pafupifupi 100,000. Pachikhatho ndi pansi pa phazi palibe, n'chifukwa chake chithupsa chenicheni sichimera pamenepo. Munthu amabadwa ndi mapando ake onse, palibe zobzala ena. Phando likafa n'kusanduka chipsera, ngakhale uthirepo feteleza wa makuponi sipameranso kanthu. Ndiye phandolo limadwala m'njira zingapo. Lingalowedwe ndi bakiteriya, lingalowedwe ndi fangasi, lingatsekeke, kapena tsitsi lenilenilo lingagalukire mwini wake. Kwa munthu woyang'ana akuthamanga zonsezi ndi chimodzimodzi, koma mankhwala opopera thonje sathira m'nkhokwe.

Za kuchibwanozo ndingazitchule ndili pakhonde pompano. Ndevu za ife anthu akuda zimamera mopotana. Ukazipala ndi lezala mpaka kusalala ngati dzira, makamaka ukamakoka khungu n'kumameta mobweza kumene ndevu zagonera, kansonga kotsalako kamakhala kakuthwa ngati munga. Kakamakula kamapinda n'kubaya khungu lomwelo, mwinanso kamalowera m'mbali kasanatuluke n'komwe. Thupi limangodziwa kuti lalasidwa, ndiye limatupa. Mawa m'mawa utenge kalilole, uyime panja, uyang'anitsitse kamodzi mwa tiziphuphuto. Uona kandevu katapinda ngati chogwirira cha ndowa, uku kali m'khungu, uku kali m'khungu. Chizindikiro chake n'chimenecho. Madokotala amati pseudofolliculitis barbae, ndipo mawu oyambirirawo akutanthauza chinthu chonamizira, chooneka ngati matenda a tizilombo pamene wolakwa ndi lezala. Si za ku Nchalo kokha. Ku America kwa zaka zambiri asilikali akuda ambiri ankalemberedwa makalata ndi madokotala owalola kusameta mpaka pakhungu chifukwa cha vuto lomweli.

Kuyeza kwake n'kwaulere: siya kumeta ndevu mwezi wathunthu. Zikaphwa, dzina lapezeka. Ukadzayambiranso uzidula ndi makina kapena sizasi n'kusiya kachiputu, osati kupala ngati ukupala nkhumba ya pa Khirisimasi. Tija ta mafinya n'kutheka kuti bakiteriya wotchedwa Staphylococcus walowera pakhomo limene ndevu yatsegula, poti iwe umatifinya ndi zala zomwe wawerengera chenji cha makasitomala. Pamenepo pangafunike mankhwala opha tizilombo, koma akulembere ndi a dokotala, osati makapisozi a pa golosale omwa awiri lero, awiri Loweruka.

Za kunkhongo ndiye nkhani yaikulu, ndipo apa ndichepetseko kuseka. Tiziphuphu tolimba, pamzere pamene tsitsi limathera, pa mwamuna wachinyamata wa tsitsi lopotana, togwirana n'kupanga chigamba chosalala chopanda tsitsi. Sindinakuone, koma mmene walongosoleramu zikumveka ngati matenda amene amatchedwa acne keloidalis nuchae. Woyamba kuwalemba m'mabuku anali dokotala wa ku Vienna, Moritz Kaposi, mu 1869. Eya, Kaposi yemwe uja dzina lake linatsalira pa khansa ya pakhungu imene yatitengera abale ambiri m'zaka za Edzi. Khala pansi, usadumphe. Bamboyo analemba za matenda ambiri, ndipo akowa si khansa, komanso sapatsirana. Chimachitika n'chakuti mapando a kunkhongo amatupa mobwerezabwereza mpaka kuphulikira m'kati, tsitsi n'kutsalira mumnofu, thupi n'kumanga chipsera pamwamba pake. Ukapempha munthu akujambule ndi foni, mwina uona m'mphepete mwa chigambacho tsitsi lingapo likutulukira padzenje limodzi ngati mswachi.

Zokolezera motowu wazisonkhanitsa zonse ngati wochita kutumidwa: mpala wa sabata ndi sabata, lezala ija ometa amawongolera mzere wa kunkhongo kuti uoneke wa m'tauni, kolala yolimba, thukuta la kuchigwa kuno, ndi helemeti yokhula pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Helemetiyo usasiye, ndisadzamve kuti wagwa pa Miseu Folo n'kumati Azakhali anandiletsa. Uziikamo kansalu kofewa koyera, n'kumakachapa tsiku lililonse. Ometa uwauze kuti kunkhongo lezala isafikeko, adule ndi sizasi. Koma kapusi ya m'tchalitchiyo vula. Mwini tchalitchi nkhongo imeneyo anaiona kalekale.

Wodziwa za khungu matendawa amawazindikira ndi maso ndi zala. Pakakhala mafinya amatengako ndi kathonje kupita nawo ku labu kuti aone ngati muli bakiteriya, ndipo pakakhala chikayiko amadula kachidutswa kakang'ono ka khungu kuti kakaunikidwe. Chithandizo chimayenda ndi msinkhu wa vutolo: mafuta amphamvu ochepetsa kutupa opaka kwa masabata owerengeka, mapiritsi monga doxycycline kwa miyezi ingapo, jakisoni wobaya m'chipsera momwemo kuti chiphwe, ndipo zikakula kwambiri, opaleshoni. Akakupatsa doxycycline uzimwera madzi ambiri ndipo usamagone pompopompo, amawotcha kummero. Tsono imva chimene wogulitsa kirimu sangakuuze. Totupato tingaphwe, kuyabwa kungathe, koma pamene pasalala kale tsitsi silidzabwerera. Mwezi uliwonse umene ukubisala m'chipewa, mapando ena akufa. Pita sabata ino, Disembala akupeze uli kale pa mankhwala.

Tibwere ku mlandu wa achemwali. Bwalo la pakhonde pano lakupeza wosalakwa. Mwana wa Sitandade 2 wa mabala m'mutu, kawirikawiri chimakhala chipere, ndipo chipere cha m'mutu ndi fangasi amene amalowa m'phando mpaka m'kati mwa tsitsi lenilenilo, n'kulifoola kuti lizidukira pansi. Achemwaliwo ayang'ane: zigamba zotuwa ngati pawazidwa phulusa, tiziputu ta tsitsi kapena timadontho takuda pamene laduka, mwina ndi mwanabere m'khosi kapena kuseri kwa khutu. Chimakonda ana osatha msinkhu, m'mitu ya akuluakulu sichikhalamo kawirikawiri. Chimayenda pa chipeso, pa pilo, pa chipewa, pa makina ometera, nthawi zina kuchokera kwa mphaka kapena galu. Ndiye ngati pali woti aziopa mnzake m'chipinda mwanumo, ndiwe.

Ichi ndinachiona ndi maso angawa. Madzi a namondwe wa Freddy atatisamutsa mu Malichi 2023, ndinakhala masabata angapo m'kalasi ya sukulu ina pamodzi ndi adzukulu anga. Loweruka lina mayi wina wamtima wabwino anandandalika ana 8 pansi pa mtengo wa nimu n'kuwameta onse ndi lezala imodzi chifukwa cha nsabwe. Nsabwe zinathadi. Patangotha mwezi, mitu isanu inali ndi mapu a dziko. Wa mdzukulu wanga wamng'ono unafika potupa chotupa chofewa ngati papaya wakupsa, chikuchucha mafinya m'timabowo tambirimbiri. Anthu anali atanola kale kampeni, akuti chithupsa chapsa tichitumbule. Ine ndinakana, osati chifukwa cha nzeru, koma mantha a magazi. Kuchipatala mnyamata wovala choyera anavala magolovesi, anagwira tsitsi la pachotupacho ndi kopanira, linangozuka ngati udzu wa pamchenga, mwana osalira n'komwe. Anapala tinkhungu ta m'mphepete n'kutiika pa kagalasi pamodzi ndi tsitsilo, anadonthezapo mankhwala, anapita nako pa maikulosikopu. Pobwera anati, "Agogo, mukanacheka mukanangomupweteka. Ameneyu ndi fangasi, thupi likulimbana naye mwaukali." Anatipatsa mapiritsi a griseofulvin oti amwe tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ndi phala la nsinjiro, poti mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta. Lero mwanayo ali ndi tsitsi loti tikulimbana naye kuti akamete.

Achemwali amve bwino apa: chipere cha m'mutu sichitha ndi zopaka zokha. Kirimu amathera pamwamba pamene mdani ali pansi pa phando. Pamafunika akumwa, masabata 6 mpaka 8, osalekeza chifukwa choti mutu wayamba kuoneka bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chipeso chake chikhale chakechake, ana ena a m'nyumbamo awayang'anenso m'mitu.

Tsopano anzako onong'onawo. Amenewo amayeza magazi ndi maso, makina amene boma silinagulebe. Kunena zoona, kachilombo ka HIV kamatha kuonekera pakhungu. Pali totupa tina toyabwa koopsa timene timamwazikana m'mikono ndi m'miyendo mbali zonse ziwiri n'kusiya timabala takuda, pali tinanso ta m'mapando a kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, ndipo timeneti timachepa munthu akakhazikika pa ma ARV, amene m'dziko muno akuperekedwa mwaulere kuyambira 2004. Zimene walongosola iwezi zimagwira amuna ambirimbiri opanda kachilombo. Komabe sindikupatsa satifiketi ine. Munthu wopita kukaonekera kwa eni mwana amayenera kudziwa mmene m'thupi mwake mulili, ziphuphu zikhalepo kapena zisakhalepo. Ndi kubaya chala kamodzi, zotsatira tsiku lomwelo. Mutengane ndi mtsikanayo. Ukakhala kumeneko upemphenso akuyeze shuga ngati umatuluka zithupsa pafupipafupi, pakuti shuga wobisala amakonda kudziulula choncho. Ndipo usandiuze kuti shugayo wamutengera ku fungo la nzimbe za pa Nchalo.

Kirimu wa m'kachubu uja ndimamudziwa ngakhale sunamutchule dzina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa makirimu otere, pamodzi ndi aja oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga betamethasone kapena clobetasol. Amazimitsa kuyabwa ndi kutupa msangamsanga, munthu n'kumati ndapeza. Ukapitiriza mwachisawawa khungu limapyapyala, limatulutsa ziphuphu zakezake zofanana msinkhu ngati ana a sukulu pa mzere, ndipo akapakidwa pa chipere amachidyetsa n'kuchisintha nkhope mpaka dokotala yemwe kuvutika kuchizindikira. Chodabwitsa n'chakuti a dokotala angakulembere mankhwala a gulu lomweli pa nkhongo yakoyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ayamba aona, akuuza popaka, mlingo wake ndi tsiku losiya. Kachubuko mwanayo asakakhudze.

Popita kuchipatala upite ndi khungu lako lenileni. Masiku angapo usanapite usapake kanthu, ungosamba ndi sopo wamba. Usametenso dzulo lake kuti ukaoneke bwino, ukafafaniza umboni. Tenga kabuku ka kuchipatala, tenga machubu onse ngakhale otha, ndipo za mafuta a mabulekizo ukaulule, akaseke kamodzi basi. Akakufunsa kuti zinayamba liti, zimayabwa kapena zimapweteka, umameta kangati ndipo ndi chiyani, kunyumba wina ali nazo, uyankhe zoona, chifukwa theka la kuyeza matenda a pakhungu ndi mafunso amenewa. Ena akakufunsa ngati kuyabwako kumakula usiku ndipo akakuyang'ana pakati pa zala. Usakwiye, akufuna atsimikize kuti si mphere, zimene zimasesa nyumba yonse ndipo zilibe nazo ntchito za mapando. Pa Nchalo pomwepo pali St Montfort, ya mishoni, yolipira. Apo ayi kwera njinga yakoyo upite ku chipatala cha boma ku Chikwawa, ufunse ngati alipo woona za khungu. Zikawakulira akulembera kalata ya ku Queens ku Blantyre, kumene kuli kiliniki ya khungu.

Agogo usawatsutse pamaso, si ulemu. Ungowauza kuti Azakhali afufuza ndipo amene anatola tsitsi lija wapezeka, ndi tsache. Za kwa Tengani usade nazo nkhawa. Eni mwana akayang'ana pakamwa pako ndi m'thumba mwako. Nkhongo adzaiona pokhapokha ukamathawa malowolo.

Azakhali.

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Kwa zaka 6 tsopano ndimatuluka zithupsa m'khwapa zonse ziwiri ndi m'mphechepeche. Zimaphulika, zimapola, zimabweranso pomwepo, makamaka ndikayandikira kumwezi. Andicheka kawiri. Bambo a kunyumba akuti ndi uve, chonsecho ndimasamba katatu pa tsiku.

Wotopa, Bangula.

Mwananga Wotopa,

Bambo akowo udokotala anauphunzirira kuti, pa bawo? Uwauze kuti munthu wosamba katatu pa tsiku ku Bangula, kumene madzi amachita kusenza pamutu, akuyenera mendulo.

Chithupsa wamba timachidziwa tonse. Chimabwera chokha, chimatentha, chimapweteka, chimapsa m'masiku owerengeka, chimaphulika n'kutulutsa mtima wake, basi chapita. Ameneyo ndi bakiteriya wolowa m'phando limodzi. Zakozi zili ndi khalidwe lina, ndipo madokotala amazizindikira ndi zinthu zitatu zimene wazilemba wekha osadziwa: mtundu wa zotupazo, malo ake, ndi kubwererabwerera. Zotupa zakuya zopweteka, m'malo opindika a thupi monga m'khwapa, m'mphechepeche ndi kunsi kwa mabere, zobwera kawiri kapena kuposa m'miyezi 6. Ukweze mkono pa kalilole. Ngati pali zipsera zokokana ngati zingwe, kapena timabowo tiwiri toti ukasindikiza apa mafinya n'kutulukira apo, ndiye kuti pansi pa khungu pakumbika tinjira ngati ta mfuko m'munda wa mbatata. Zimenezo zimaloza ku matenda otchedwa hidradenitis suppurativa. Mapando amatsekeka okha n'kuphulikira m'kati. Si uve, si matenda opatsirana pogonana, ndipo bambowo sangawatenge, ngakhale ndikanakonda atawalawako sabata imodzi. Amagwira amayi kwambiri kuposa abambo, nthawi zina amayenda m'magazi a pabanja, ndipo fodya ndi kunenepa kwambiri zimawakolezera. Funsa amayi ako kapena azakhali ako enieni, mwina wina anavutika nazo mwakachetechete.

Vuto la matendawa ndi loti aliyense amaona chithupsa cha tsiku limenelo, n'kuchicheka, n'kukutsanzika. Ngakhale m'mayiko olemera odwala amatha zaka pafupifupi 7 dzina lisanapezeke, ndiye iwe ndi zaka 6 zako wawapitirira azungu. Ulendo uno ukapita ku chipatala cha boma ku Nsanje usakangoonetsa chimene chikupweteka. Ukanene kuti ndi zaka 6, ukaonetse malo onse ndi zipsera zomwe, manyazi ukawasiye pa geti. Ukapemphe kuti akuyeze shuga ndi magazi, ndiponso kuti nkhani yonse ilembedwe m'kabuku. Mankhwala alipo ochepetsa kubwerera kwake, akumwa kwa miyezi ndi opaka, ndipo tinjira tija timafuna opaleshoni yakeyake, yosiyana ndi kungotumbula. Ukawauzenso ngati uli woyembekezera kapena ukuyamwitsa, chifukwa mapiritsi ena sayenera pamenepo. Pakadali pano lezala m'khwapa isiye, uzidula ndi sizasi, uzivala zomasuka za thonje, ndipo chikayamba kutupa uzithowa ndi kansalu ka madzi ofunda.

Poti tili pa zithupsa, amayi nonse a makanda tcherani khutu. Mwana akatuluka kachithupsa kokhala ndi kabowo pakati, kotuluka timadzi, mwana n'kumalira ngati chikumuluma, muyang'anitsitse kabowoko. Mukaona kanthu koyera kakusuntha, imeneyo ndi mphutsi. Ntchentche ina imaikira mazira pa dothi la mkodzo ndi pa zovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi kapena pamthunzi, ndipo kamphutsi kamaboola khungu n'kukuliramo. Mukamata kabowoko ndi vaselini kamasowa mpweya n'kusuzumira kunja. Matewera muziyanika pa chingwe padzuwa, muzisita mbali zonse. Ndipo nonsenu, aang'ono ndi aakulu, chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba musamafinye. Mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu. Chikabwera ndi kutentha thupi kapena kutupa nkhope, nyamukani usiku womwewo.

Azakhali.

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 22. Tsitsi la kutsogolo ndi la m'mbali likuthawa, chipumi chikungokula. Ndikalukitsa pamatuluka tiziphuphu m'mphepete. Kodi ndi dazi la kumtundu?

Wachipumi, Ngabu.

Wachipumi mwananga,

Ndikufunse. Ukachoka ku saluniko umatha kutsinzina? Usiku woyamba umagona chokhala utamwa panado? Ngati wagwedeza mutu, ngati n'kotheka kuugwedeza, wakuba tsitsi lako wamupeza. Tiziphuphu ta m'mphepeteto ndi mapando akukuwa kuti akukokedwa, ndipo meshi yolemera yomangidwa pa tsitsi lofooka kale ndi mankhwala owongolera ndiyo imazula msanga. Yang'ana pa kalilole: kukoka kotere nthawi zambiri kumasiya kamzere ka titsitsi tofewa kutsogolo kwenikweni, dazi lili kumbuyo kwake. Ngati pamene pathothokapo ukuonabe timabowo ndi titsitsi tating'ono, mapando akadali moyo ndipo tsitsi lingabwerere ukawapumitsa miyezi ingapo. Pakasalala n'kumanyezimira, ndiye nkhani ija ndamuuza Wachipewa. Pakakhala mfundu wambiri, kuyabwa, kapena dazi layambira pakati pa mutu, pita akakuone, imeneyo ingakhale nkhani ina.

Masula lero, usadikire kuti ndalama ya meshiyo ikwane kaye. Wokulukayo umuuze kuti akagwira mutu wako aziyesa wagwira khanda, asamakoke ngati akumanga mbuzi yopita ku msika wa pa Ngabu.

Azakhali.